Kafukufuku wa pulasitiki m'magazi santhabwala, komanso musatiopseze naye

A Mkonzi,

Nkhani yomwe munatulutsa ija, ya wophunzira yemwe akupanga PhD pofufuza mmene tizidutswa ta pulasitiki timakhudzira kuundana kwa magazi, yandiyambanitsa ndi anzanga awiri. Wina akuti ndi kutaya nthawi basi, munthu zaka zitatu kapena zinayi kungoyang'anitsitsa magazi m'kachubu, winayo nde wagwidwa mantha akuti tonse tatha sitiroko ili pakhomo. Ine ndikuti onse awiri aphonya, koma mbali ina vuto ndi inu anyuzi ndi mitu yanu ikuluikulu ija.

Timati microplastics tikamanena tizidutswa tosafika mamilimita 5, ndipo tina ndi tating'ono kwambiri moti ngakhale maikulosikopu wamba satiwona. Dzinali linafala mu 2004 kuchokera kwa Richard Thompson wa ku University of Plymouth ku England, iye ankatipeza mumchenga wa m'mbali mwa nyanja. Timachoka ku matayala akamadyeka pamsewu, ku zovala za poliyesitala tikamachapa, ku mabotolo ndi majumbo akamafumbutuka padzuwa. Ambiri tinkaganiza kuti imeneyo ndi nkhani ya nsomba mpaka mu 2022 pomwe akatswiri a ku Vrije Universiteit Amsterdam anayeza magazi a anthu 22 athanzi bwinobwino nkupeza pulasitiki mwa 17. Apo mpamene funso la wophunzira wanu uja linayamba kukhala ndi mano.

Chifukwa magazi sakhala madzi ofiira chabe ayi. Mukadzicheka ndi lumo, dikirani pang'ono muwone, magazi aja amayamba kulemera, kenako kumata, kenako kakhungu kakuda pamwamba. M'katimo timaselo totchedwa platelets tathamangira pabala nkugwirana, ndiye puloteni ina ya fibrinogen yasanduka ulusi wa fibrin womwe umalukana ngati ukonde nkukola zonse. Pachala zimenezo ndi zabwino. Zikachitika m'kati mwa mtsempha wopita ku ubongo kapena wa mtima popanda bala lililonse, munthu amagwa. Ndiye funso ndi lakuti kachinthu kachilendo kakamayandama m'magazi, mapuloteni nkukakutira pamwamba pake, kodi maplatelet sakatenga ngati bala?

Zomwe zinachititsa anthu kukhala tsonga ndi za ku Italy zija. Mu 2024 gulu la Raffaele Marfella ku Naples linalemba m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine za odwala 257 omwe anawapala mafuta otseka mtsempha wa m'khosi. Mwa 150 anapeza pulasitiki ya mtundu wa polyethylene m'mafutamo, ndipo atawatsata kwa miyezi pafupifupi 34 gulu limeneli linali pachiopsezo choposa kanayi cha sitiroko, vuto la mtima kapena imfa poyerekeza ndi enawo. Manambala owopsa ndithu, sindikukana. Koma eni akewo ananena okha kuti aona zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, sanatsimikize kuti pulasitikiyo ndi amene anapha. Mwina anthu amenewo amapuma mpweya woipa kwambiri, mwina mitsempha yowonongeka kale ndi imene imakola tizidutswa tambiri. Mutu wankhani ukati "pulasitiki imayambitsa sitiroko" mwadumpha pamene pali ntchito yonse, ndipo ntchito imeneyo ndi yomwe anthu a PhD amakhalira usiku mu labu.

Ntchito yake ndi yotopetsa zedi, ndinaonererako kamodzi mnzanga wina wa mu labu akuyeza. Magazi amawatengera m'kachubu ka chivindikiro cha buluu momwe muli mankhwala otchedwa citrate, ameneyu amagwira calcium kuti magazi asaundane msanga. Kenako amathiramo tizidutswa tija, kubwezeramo calcium, nkumawerenga masekondi mpaka agwirane, komanso kuona ngati chibulumacho chalimba kapena chikusungunuka mosavuta. Mawa kubwerezanso, ndi magazi a munthu wina, mlingo wina. Tsono chosekesa nchoti kachubu komweko ndi kapulasitiki, kansonga ka pipeti (kachida kotungira madontho) pulasitiki, magolovesi pulasitiki, ngakhale fumbi la m'chipindamo muli ulusi wa zovala, ndiye ofufuza osamala amayesetsa kugwiritsa ntchito galasi ndi zovala za thonje, apo ayi upeza pulasitiki yomwe wabweretsa wekha nkumati watulukira chachikulu.

Palinso china chomwe nkhani yanu sinachigwire bwino. Ma labu ambiri amagwiritsa ntchito timikanda ta pulasitiki ya polystyrene togula, tozungulira bwino, tofanana kukula. Zomwe zili m'thupi mwathu sizili choncho, ndi zibenthu zosongoka, ulusi, zina zapsa ndi dzuwa zaka zambiri zatenganso mankhwala ena m'njira. Ndipo ngakhale timikanda tomweto sitichita zofanana. Kale mu 2002 ofufuza a ku Leuven ku Belgium anayesa pa tinyama totchedwa hamster nkuona kuti timikanda tokhala ndi chaji yamagetsi ya positive pamwamba timakulitsa kuundana pomwe topanda chaji sitinasinthe kanthu. Pulasitiki imodzimodzi, zotsatira zosiyana chifukwa cha khungu lake chabe. Ndiye wina akati pulasitiki imaundanitsa magazi ndimafunsa kuti iti, yaikulu bwanji, yochuluka bwanji, kodi mlingo umene anathira m'chubuwo ukufanana ndi umene uli m'magazi a munthu kapena wachulukitsidwa kambirimbiri?

Pempho langa kwa inu a Mkonzi, wophunzirayo akamaliza mumuitanenso afotokoze yekha zomwe wapeza, ngakhale atapeza kuti palibe chasintha, chifukwa nayonso ndi nkhani koma simuikonda. Ndipo chonde muzichenjeza owerenga, ndayamba kale kuona otsatsa pa Facebook akuti ali ndi mankhwala otsuka pulasitiki m'magazi, palibe chinthu choterocho chomwe chatsimikizidwa. Amene adokotala anawapatsa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena aspirin asasiye kumwa chifukwa cha nkhani ya m'nyuzi, ndipo mnzanga wamantha uja ndamuuza kuti ayambe wakayezetsa BP yake yomwe wakhala akuzemba chaka chonse.

Ine wowerenga wanu wa masiku onse.