Lipoti la nthumwi: mapuleti oteteza ku zipolopolo za mfuti zazikulu

A Tcheyamani, a Mlembi, a Msungichuma ndi inu nonse alonda anzanga a m'gulu lathu kuno ku Mangochi, ndabwerako ku msonkhano wa ku Blantyre kumene munandituma. Funso limene munandipatsa linali limodzi: ndalama takhala tikusonkhazi tigulire mapuleti (zigamba zolimba zovala pachifuwa ndi kumsana) amtundu wanji, kuti anzathu operekeza ndalama za malo ogona alendo ndi za ogula nsomba, komanso olondera pabwato usiku, asamayende chifuwa chili pamtetete. Ndalemba zimene ndinamva ndi kuona, pena ndaikapo maganizo anga, koma ogamula ndinu.

Kumsonkhanoko kunali alonda a makampani osiyanasiyana, oyang'anira nyama zakutchire angapo, ndi amalonda ogulitsa katunduyu. Wophunzitsa anali bambo wina amene anagwirapo ntchito ya usilikali. M'mawa wonse unathera pa malonje ndi nkhani ya malipiro a alonda, izo ndidzakufotokozerani pakamwa.

Ndiyambe ndi chowawa. Mavesiti ofewa amene ena mwa ife anagula pa kaunjika, ngakhale olembedwa IIIA, umene ndi mlingo wapamwamba wa mavesiti ofewa, anapangidwira zipolopolo za pisito. Chipolopolo cha 9mm chimathamanga mamita osafika 450 pa sekondi, ndipo ulusi wolimba wa vesitiyo umachikola. Cha AK-47 chimapitirira mamita 700 pa sekondi, n'chosongoka, ndipo chimabowola vesiti yofewa n'kutulukira kumsana. Wovala vesiti yotere pamaso pa AK alibe chitetezo, ndipo choopsa n'chakuti iye amadziona ngati ali nacho. Ife tili m'malire ndi Mozambique, ku Chiponde, ku Namwera mpaka ku Makanjira, ndipo akuluakulu mukukumbukira kuti nkhondo ya kumeneko itatha mu 1992 mfuti zambiri za AK zinatsala m'manja mwa anthu, zina n'kuwolokera kuno. Choncho chipolopolo choyamba kuchiganizira pogula ndi 7.62x39 cha AK, makamaka cha mtima wachitsulo chofewa chimene chimapezeka kwambiri. Mfuti zagogodela ndi zamachaka za opha nyama zili m'munsi mwa chimenechi.

Nkhani ya manambala olembedwa pamapuleti ndiyo inandidyera nthawi, ndipo ndikupemphani muiwerenge modekha chifukwa amalonda amatipusitsira pomwepa. Muyezo umene ambiri amatsata ndi wa bungwe la boma la America lotchedwa National Institute of Justice, mwachidule NIJ. Muyezo wawo wa 2008, wa nambala 0101.06, uli ndi magawo awiri a mfuti zazikulu. Level III amaiyesa poiwombera kasanu ndi kamodzi ndi chipolopolo cha 7.62x51 cha NATO, chothamanga mamita 847 pa sekondi. Level IV amaiyesa ndi chipolopolo chimodzi chokha cha .30-06 M2 AP, chopangidwira kubowola zitsulo. Onani bwino: pamayeso awiriwa palibe pamene anawombera ndi chipolopolo cha AK. Komanso Level IV siinalonjeze kupirira zipolopolo zambiri, lonjezo lake ndi chimodzi choopsa kwambiri.

Mu November 2023 a NIJ anatulutsa muyezo watsopano, 0101.07, ndipo maina anasintha. RF1 imayesedwa ndi 7.62x51 chija, 7.62x39 cha mtima wachitsulo, ndi 5.56 M193, chipolopolo chaching'ono cha mfuti ngati M16. RF2 imawonjezera 5.56 M855, cha nsonga yobiriwira. RF3 ndiyo yalowa m'malo mwa Level IV. Kwa ife muyezo watsopanowu ndi wabwino chifukwa chipolopolo cha AK chalowamo poyera. Koma katundu wambiri ali pamsika akadali wa muyezo wakale, ndiye pogula wa Level III tiyenera kufunsa lipoti losonyeza kuti anamuwomberanso ndi 7.62x39.

Pali ina yolembedwa III+. Imeneyi mu NIJ mulibe. Ndi dzina la amalonda, ndipo kampani iliyonse imatanthauza zakezake. Mmodzi wa ogulitsa aja anaiyamikira kwambiri, koma wophunzitsa atamufunsa kuti chizindikiro chowonjezeracho chikuimira chipolopolo chiti, anayamba kusanthula mapepala m'chikwama, ndipo nthawi ya tiyi inamupulumutsa. Sindikuti puleti ya III+ ndi yoipa, zina n'zabwino ndithu, koma umboni wake ndi lipoti la labotale yodziimira payokha osati chomata cha pakatoni. Chimodzimodzi mawu akuti anayesa motsata NIJ ndi osiyana ndi kuvomerezedwa ndi NIJ. Zovomerezedwa zili pamndandanda wa pa intaneti wotchedwa Compliant Products List, ndipo aliyense wa ife angafufuze dzina la kampani ndi nambala ya puletiyo pafoni.

Masana anatitengera pabwalo n'kutiyalira mapuleti owomberedwa kale, amitundu itatu.

Ya chitsulo ndiyo yotchipa, ndipo ndikudziwa kuti a Msungichuma maso ali pamenepo. Ndi yopyapyala, sisweka ikagwa, imakhala zaka zambiri. Koma taonani zimene anatisonyeza. Anali ataiika m'katoni poiwombera. Chitsulocho chinangokalika pang'ono, koma katoniyo, m'mwamba ndi m'mbali monse, inali tibowotibowo tosawerengeka, mzere wozungulira puleti yonse. Chipolopolo chikamenya chitsulo chimasweka, tizidutswa timathamanga motsata nkhope ya puletiyo. M'mwamba mwa puleti muli khosi ndi chibwano, m'mbali muli mikono, m'munsi muli ntchafu ngati munthu wakhala m'galimoto. Amapaka utoto wokhuthala woti uzigwira tizidutswato, koma ukawomberedwa kangapo umasupuka. Chinanso, chipolopolo chaching'ono cha M193, chothamanga mamita pafupifupi 990 pa sekondi, chimatha kubowola zitsulo zina zimene zinapambana mayeso a Level III. Kulemera kwake, imodzi ya masentimita 25 ndi 30 imakhala makilogalamu atatu ndi theka kapena anayi. Ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo, pamodzi ndi chovala chonyamulira chake zikuyandikira makilogalamu 9. Mlonda wa pa Boma mu October, dzuwa likuswa mtengo, adzaivala sabata yoyamba, yachiwiri mudzaipeza pansi pa mpando wa galimoto.

Yachiwiri ndi ya pulasitiki yolimba yotchedwa polyethylene, ya ulusi monga wa Dyneema kapena Spectra wopanikizidwa m'magawo ambirimbiri. Nditaikweza ndinadabwa, kilogalamu imodzi ndi theka basi, ndipo ikagwera m'madzi imayandama. Chipolopolo chimalowa n'kukodwa m'magawo aja. Zovuta zake ndi zitatu: ndi yodula, ndi yonenepa, ndipo chipolopolo cha nsonga yachitsulo ngati M855 chimabowola zambiri mwa izo. Imaopanso kutentha kwakukulu. Kutentha kwa thupi kapena kwa mphepo ya kuno si vuto, vuto ndi kuisiya m'buti ya galimoto yoima padzuwa tsiku ndi tsiku, kapena kuitsamiritsa pa injini ya bwato.

Yachitatu ndi ya ceramic, dothi lapadera lowotchedwa mpaka kulimba kuposa chitsulo, lamitundu ya alumina, silicon carbide kapena boron carbide, ndipo kumbuyo kwake amamatako polyethylene kapena ulusi wina. Imagwira ntchito mwa kusweka: chipolopolo chikafika, ceramic imaphwanya nsonga yake ndipo nayonso imasweka pamalo pamenepo, zotsalazo zimakodwa kumbuyo. Mapuleti ambiri a Level IV ndi amtunduwu. Ya alumina ndi yotchipirapo koma yolemera, makilogalamu atatu kapena kupitirira. Ya boron carbide ndi yopepuka koma mtengo wake si wa ife. Imafuna kuisamala ngati mtsuko wadothi, chifukwa ikagwa chapakona pa simenti imatha kuchita mng'alu mkati nsalu yakunja ili bwinobwino. Wophunzitsa anatipatsa ziwiri zofanana kuti tigogode ndi ndalama yachitsulo. Ina inalira ngwee, ina inangoti phu, ndipo nditaipotokola pang'ono pafupi ndi khutu munkamveka tsekeretsekere ngati muli mchenga. Imeneyo inali yakufa. Njira yotsimikizika ndi kuijambula pa X-ray, koma kugogoda ndi kumvetsera ndiko tingakwanitse mwezi ndi mwezi.

Anationetsanso dongo limene amaika kumbuyo kwa puleti poyesa. Ngakhale chipolopolo chisabowole, puleti imabwerera mkati n'kusiya dzenje m'dongomo, ndipo muyezo umalola dzenje lofika mamilimita 44. Ndinalowetsamo zala ziwiri. Kubwerera mkati kotere pachifuwa cha munthu kumatha kuthyola nthiti ndi kubanika mpweya, ndipo wowomberedwa, ngakhale adzuke yekha n'kumaseka, apite kuchipatala tsiku lomwelo, poti magazi amatha kutayikira mkati.

Nkhani ya panyanja panalibe anaiyambitsa, ndinaifunsa ndine, chifukwa anzathu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe sakwera bwato. Ife tili ndi olondera ku Monkey Bay, ku Chembe, ku Malindi ndi pa Malombe, ndipo mwera ukakalipa mu June ndi July bwato limagudubuzika. Munthu wovala zitsulo za makilogalamu 8 akagwera m'madzi akuya, ngakhale akhale mwana wa msodzi, apita pansi. Oyang'anira nyama amene amalondera pa Shire ku Liwonde anagwirizana nane. Yankho la wophunzitsa linali lakuti pabwato pafunika polyethylene kapena ceramic yopepuka, chonyamulira chokhala ndi chingwe chokoka kamodzi chonse n'kugwa, ndipo jekete yoyandamitsa ikhalepobe. Puleti yoyandama imadziyandamitsa yokha, siyandamitsa munthu. Anatinso wovala ayeserere kuvula m'madzi osaya, masana, anzake ali pomwepo. Apa ndikupempha kuti chikhale chigamulo cha gulu: chitsulo chisakwere bwato.

Za kavalidwe ndi zachidule. M'mphepete mwa pamwamba mufike pakadzenje ka pansi pa khosi, pamene mafupa awiri amakumana, m'lifupi iphimbe mawere onse awiri, m'munsi ilekeze pamwamba pang'ono pa mchombo kuti munthu azitha kukhala ndi kuwerama. Yakumbuyo ifanane msinkhu ndi yakutsogolo. Ambiri amailekerera pamimba poti mpomwe imamveka bwino, mitsempha ikuluikulu ya pamwamba pa mtima ili poyera. Yopindika mbali zingapo imakhala bwino pathupi kuposa yopindika kumodzi, makamaka kwa amayi, ndipo m'gulu lathu tili nawo. Pachomata tiwerengenso ngati puletiyo ndi yoima payokha kapena yalembedwa ICW, kutanthauza kuti imafika mphamvu yake pokhapokha kumbuyo kuli vesiti yofewa imene inayesedwa nayo limodzi. Pomwepo pamalembedwanso tsiku lopangidwa, nambala yake, ndi mbali yoyang'ana kwa mdani. Makampani ambiri amatsimikizira ceramic ndi polyethylene kwa zaka zisanu, ena khumi. Puleti yopanda chomata, kapena yofufutika, tiisiye ngakhale atipatse ulere, poti sitidziwa kuti inagwa kangati.

Pa ndalama, katunduyu amagulidwa ndi madola kapena marandi, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 thumba lathu lachepa mphamvu. Mitengo imene ogulitsa anandipatsa ndaipereka kwa a Msungichuma papepala lapadera chifukwa imasintha msanga. Dziko la America limaletsa kutumiza kunja mapuleti a mfuti zazikulu popanda chilolezo, choncho wotilonjeza kuti m'bale wake abwera nawo m'sutikesi akutiika m'mavuto. Tisanapereke tambala iliyonse, a Mlembi alembe kalata ku polisi ya Mangochi ndi ku MRA, mayankho awo tikhale nawo olembedwa.

Maganizo anga ndi awa. Tisathamangire Level IV chifukwa choti nambala yake ndi yaikulu. Chipolopolo chimene inapangidwira si chimene timakumana nacho pamsewu wa ku Namwera, ndipo kulemera kwake kudzachititsa anthu kuivula. Tigule ceramic yokhala ndi polyethylene kumbuyo, ya RF2, kapena ya Level III yokhala ndi lipoti la 7.62x39, yosapitirira makilogalamu awiri ndi theka. Ndalama zathu sizingaveke aliyense, ndiye tigule zochepa zenizeni, zizikhala ku ofesi pamalo ouma ndi amthunzi, zizisainidwa potenga ndi pobweza, ndipo oyamba kuvala akhale operekeza ndalama ndi apabwato. Ndikudziwa ena adandaula kuti anasonkha chimodzimodzi. Tikambirane pamsonkhano.

Ndikupemphanso kuti gawo la ndalamazo lipite ku malamba otseka magazi aja amati tourniquet ndi maphunziro a kamangidwe kake. Puleti imaphimba kachigawo kochepa ka thupi. Ntchafu, mikono, khosi ndi m'mbali zili poyera, ndipo wolasidwa mtsempha wa m'ntchafu amatha m'mphindi zowerengeka, pamene kuchoka ku Makanjira kufika kuchipatala chachikulu pa Boma ndi ulendo wa maola. Oyang'anira nyama aja anati kwa iwo lamba ameneyu ndi wofunika mofanana ndi puleti. Ndiponso ambirife tili ndi ndodo, wezulo ndi foni basi. Lamulo lathu lakale lisasinthe chifukwa cha mapuleti: achifwamba a mfuti akafika, bisala, imbira polisi, ndalama si zako.

Pamsonkhano ukubwerawu aliyense abwere atavala malaya opepuka, ndidzabwera ndi tepi ya telala kuti tiyeze zifuwa tisanaitanitse masaizi. Ndabweretsanso chidutswa cha katoni yobowoka ija, amene akufunabe chitsulo adzachigwire ndi manja. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kwa a Msungichuma, pamodzi ndi chenji chimene chinatsala.

Ine nthumwi yanu.