Mwala wochokera kuthambo si ndege ya afiti

Akonzi,

Ndipatseniko danga ndidandaule ndi zimene wailesi ina idachita m'mawa wa tsiku lotsatira chiphaliwali chija chidang'anima kumwamba usiku kuno kwathu. Tidaona kuwala ngati masana, patapita kanthawi kudamveka chiphokoso, malata n'kunjenjemera, agalu n'kuyamba kuuwa mudzi wonse. M'malo moitana munthu wodziwa, muulutsi adatsegula lamya ola lathunthu, anthu n'kumanena kuti yagwa ndege ya afiti, iye akuvomereza kuti "eya, pitirizani bambo". Pofika masana anyamata anali atasonkhana pakhomo pa gogo wina woyenda ndi ndodo, amene sangathe n'kusenza ndowa ya madzi. Gogoyo adagona kwa a mfumu masiku atatu chifukwa cha mantha. Kodi muulutsiyo sukulu adapitiranji?

Miyala imagwa kuchokera kuthambo, ndipo si zachilendo. Ikamalowa mu mpweya wozungulira dziko pa liwiro loopsa imatentha, n'kuphulikira m'mwamba momwemo. Phokoso limafika mochedwa chifukwa kuwala kumathamanga kuposa mawu, monga mphezi ndi bingu. Pa 15 February 2013 mwala wa mamita pafupifupi 20 udaphulika pamwamba pa Chelyabinsk ku Russia. Anthu pafupifupi 1,500 adavulala, ambiri ndi magalasi, poti adathamangira pawindo kukaona kuwalako chiphokoso chisanafike. Pa 2 June 2018 wina udaphulika ku Botswana, akatswiri atauona kale ukubwera, ndipo zidutswa zake adakazitola ku Kalahari. Ngakhale kuno, mu 1981 ku Machinga kudagwa mwala woposa makilogalamu 90. Ana athu a sekondale amamva za zimenezi?

Chimene chimandiwawa n'choti chilichonse chimene sitikuchimvetsa timachikankhira kwa okalamba. Mvula ikachedwa, ndi agogo. Mwana akadwala malungo, ndi agogo. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likadalipo, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ngakhale unenere pa wailesi.

Ndikupempha a MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi, awakumbutse eni mawailesi zimenezi, ndipo zikachitikanso aulutsi aziyamba aimbira akatswiri a za miyala ku Zomba asanatsegule lamya. Muulutsi uja apite kukapepesa gogoyo pamaso pa a mfumu.

Wowerenga wokhumudwa,
Balaka