Inu a kampani ya intaneti, masiku 5 tsopano nyali ya LOS ya pa modemu ikungophethira yofiira

Mabwana, ndalemba pano poyera chifukwa ku inbox mukungowerenga osayankha, kuimba foni nakonso ndatopa nako.

Chiyambire Lachiwiri usiku pomwe magetsi anazima mvula yamphepo ija ili mkati, kwathu kuno ku Area 25 intaneti kulibe. WiFi ya rauta ikuoneka bwinobwino, mafoni onse akulumikizika koma palibe chikutseguka, olo ka meseji ka pa WhatsApp kakungokhala ndi kawotchi kaja.

Musandiuzenso zoti zimitsani muyatsenso chonde. Ndapanga kale, kuzimitsa zonse, kudikira mphindi 5, kuyatsa modemu kaye kenako rauta. Chingwe cha Ethernet cha pakati pa ziwirizi ndagula chatsopano, ndachilowetsa pa bowo la WAN lolandirira intaneti osati pa la LAN, ndalowa mu ma setting a rauta pa 192.168.1.1, pa WAN IP pangolembedwa 0.0.0.0 basi, kutanthauza kuti rauta sikulandira adiresi ya intaneti kuchokera kwa inu. Ndiye tamvani za modemu yanuyo, nyali ya Power ikuyaka yobiriwira, ya PON yosonyeza kuti modemu yalumikizika ndi netiweki yanu yazima, LOS ikuphethira yofiira usana ndi usiku. Inu mukudziwa kuposa ine kuti LOS ikatero ndiye kuti kuwala kwa mu faiba sikukufika m'nyumba muno, vuto lili pa chingwe chanu panjapo, kaya pa pholo kaya pa kabokosi kanu kaja, osati rauta yanga ayi.

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi cha Lachinayi. Wa customer care anandiuza kuti ndibaye kabowo ka reset ka pa rauta ndi phini, ine n'kumvera, username ndi password ya PPPoE zomwe rauta imalowera nazo pa intaneti yanu zonse n'kufufutika, zomwe anaika okha amisiri anu tsiku lolumikiza osandilembera paliponse. Ndiye olo mutakonza chingwecho lero rauta silumikizikabe.

Ndinalipira mwezi wonse pa 1 koma ndikugulanso ma bandulo a pafoni kuti nditumize ntchito, mwana wanga wa Fomu 4 akumakakhala pakhonde kwa aneba madzulo kupempha netiweki kuti atsitse mapepala a mayeso akale, zomvetsa chisoni.

Tumizani mmisiri Lolemba m'mawa abwere ndi zida zoyezera faiba komanso password yangayo, ndipo masiku onse ndakhala opanda intanetiwa muwabweze pa akaunti yanga. Nambala za madandaulo zomwe munandipatsa ndasunga zonse zitatu, Lolemba likadutsa ndipita nazo ku MACRA.