Musagule kaye sitata yatsopano

Okondedwa achimwene,

Uthenga wanu ndaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino kumeneko. Nafenso tilipo. Koma apo mwati injini ya boti yakana kulira ndiye mukufuna kugula sitata ina, ndikuti taimani kaye. Kawirikawiri sitata imangonamiziridwa, pamene wolakwa ndi batire kapena mawaya.

Simunandiuze zimene mumamva mukapotoza kiyi, chonsecho nkhani yagona pamenepo. Ikamati kete-kete-kete mofulumira, ndiye kuti moto ukufika wochepa, solenoidi (kaswitchi kopereka moto waukulu ku sitata) ikugwira n'kumatayanso. Ikangoti kha kamodzi, solenoidi yagwira koma moto waukulu sukudutsa, mwinanso sitatayo yathadi. Kukangoti zii, onani ngati giya ili pa nyutulo, poti muli kaswitchi koletsa sitata kuzungulira giya italowa. Mukatero onani fyuzi. Kachingwe kozimitsira injini kamene mumamanga padzanja kaja musalimbane nako: pa injini zambiri kakachoka, sitata imazungulirabe, kungoti injini sigwira.

Bwerekani mita yoyezera magetsi muyeze batire. Yodzaza bwino imaonetsa mavolti 12.6 ikakhala osagwira ntchito, ndipo 12.2 ndiye kuti yatsala pafupifupi theka. Komabe zimenezo zisakunyengeni. Wina apotoze kiyi, inu maso pa mita. Ikagwa kufika pansi pa 9.6, batireyo ilibe mphamvu, kaya dzulo lomweli munaitchaja.

Tsono mawaya, apa m'pamene ndikufuna mutayepo nthawi. Chinyontho chimalowa pansi pa pulasitiki n'kumadya kopa mwakachetechete, kunja waya akuoneka watsopano ngati bango lofumbwa m'kati. Mupindeni pafupi ndi kumutu: akakhala wouma gwa kapena wotupa, sendani pang'ono, mupeza ufa wobiriwira. Njira ina, zungulitsani sitata masekondi ochepa kenako gwirani polumikizira paliponse. Pamene patentha, moto ukuthera pomwepo. Ndi mita n'kosavutanso: nsonga ina pa mutu wa batire wa +, ina pa bawuti ya sitata pamene pamangidwa waya wobweretsa moto, wina akupotoza kiyi. Ikapyola 0.5, moto ukutayika panjira. Teroninso ndi waya wakuda wopita ku thupi la injini, amene anthu amakonda kumuiwala. Palani mitu yonse ndi sandipepa mpaka iwale, mumange ndi sipanala. Manati omanga ndi zala aja ine sindiwakhulupirira, amamasuka ndi kunjenjemera kwa boti.

Ngati sitata ikulira wiii koma injini osatembenuka, chotsani chivindikiro muone kagiya ka pamwamba pake. Kamayenera kukwera n'kuluma mano a flywheel, gudumu lolemera lotembenuza injini. Mchere ndi litsiro zikamata pamsomali wake, kamangozungulira pansi. Tsukani, muthire timadontho ta oilo wopepuka. Girisi wolemera ayi, amakamatiriranso.

Musanaiweruze sitata, zimitsani kiyi, chotsani mapulagi, muzungulitse flywheel ndi dzanja. Ikakana, kapena m'mabowo a mapulagi mukatuluka madzi, vuto lili m'injini momwemo, ndipo ngakhale sitata yatsopano ingangopsa. Zonsezi zikakhala bwino, apo ndiye tsegulani sitata muone mabulashi, timakala topereka moto m'kati mwake. Akafupika amasinthidwa okha, osachita kutaya sitata yonse.

Ndikudziwa kuti kumeneko sakulephera wina wokuuzani kuti muigogode ndi hamala. Nthawi zina imadzukadi, koma masitata ambiri ali ndi maginito amene sachedwa kusweka, ndipo akasweka ndiye basi mwagula ina. Zolumikiza solenoidi ndi sikuludiraiva nazo musachite pakamanunkha petulo, chifukwa pamathetheka moto. Komanso sitata musaikakamize kupitirira masekondi 10 nthawi imodzi, muziipumitsa izizire.

Mundilembere zimene mita yaonetsa ndi kaliridwe kake, tione pogwira. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wakalekale.