Kwa a kampani ya makanema: magawo a Khirisimasi a Doctor Who mwawasiya kuti?

Ndikulemba poyera pa tsamba lanu lino chifukwa njira za kumbali ndayesa zonse. A customer care ndawaimbira kawiri, ku inbox ndalembako katatu, ndipo nthawi zonse akundiuza kuti ndizimitse app ndi kuyatsanso. Mabwana, app yanga ikuyenda bwinobwino. Vuto lili pa zimene mwaika m'katimo, kapena ndinene kuti zimene simunaikemo.

Mwezi watha munalengeza kuti mwabweretsa Doctor Who yense kuyambira 2005, pulogalamu ija ya pa TV ya BBC yosimba za Doctor woyenda m'nthawi ndi m'mlengalenga. Liwu lakuti "yense" munalilemba nokha. Pa chithunzi munaika TARDIS, bokosi la buluu lija looneka ngati kanyumba ka telefoni ya apolisi a ku Britain, koma m'kati mwake ndi motakata kuposa kunja. Munaikanso Dalek, mmodzi wa adani a Doctor okhala m'zitsulo, ndi nkhope za anthu omwe asewera ngati Doctor motsatizana. Ine ndinalipira tsiku lomwelo, n'kugulanso bundle yaikulu, chifukwa ndinkafuna kuonera ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 12 kuyambira pachiyambi, gawo limodzi usiku uliwonse akamaliza homuweki.

Ndikuuzeni kaye chifukwa chake nkhaniyi yandikhudza chonchi. Kuno ku Malawi TV yathu inayamba mu 1999, choncho ife a msinkhu wanga sitinakule tikuonera pulogalamuyi. Ine ndinayamba kuimva ndi makutu. Malume anga anagwirako ntchito ku mgodi ku Kitwe, ndipo Zambia inali limodzi mwa mayiko a mu Africa muno amene ankaonetsa Doctor Who m'zaka za m'ma 1960, wa zithunzi zakuda ndi zoyera. Atabwerera kumudzi ankatisimbira madzulo pakhonde za nkhalamba ina yoyenda m'bokosi kupita kumene dzuwa silinatulukeko, kapena kubwerera m'masiku a makolo. Akafika pa ma Dalek ankatenga chitini chopanda kanthu n'kumayankhuliramo, ife ana n'kumathithikana ndi mantha. Cha m'ma 2007 mnzanga wa ku koleji atandibwereka ma DVD, ndinamva mawu a Dalek kutuluka mu kompyuta ndipo thupi lonse linachita tsembwe. Anali mawu a m'chitini chija. Malume anali atatisiya kale. Ndiye mukandionetsa chithunzi cha bokosi la buluu n'kundiuza kuti zonse zilipo, mwagwira pamalo pomwe ine sindichedwa kutulutsa ndalama, ndipo ndikukhulupirira kuti a malonda anu akudziwa zimenezi.

Sizoni yoyamba inayenda bwino. Magawo onse 13 a Christopher Eccleston alipo, kuyambira lija la pa 26 Marichi 2005 lomwe anthu oposa 10 miliyoni anaonera ku Britain. Mwana wanga anamukonda Rose, mtsikana woyenda ndi Doctor, ndipo pamapeto Doctor atasintha nkhope kuchoka pa Eccleston n'kukhala David Tennant, anakhala chete kwa kanthawi kenaka n'kunditi, "Adadi, ndiye ameneyu ndi yemwe uja?" Funso limeneli ndi lomwe Rose nayenso anali nalo, ndipo yankho lake lili mu gawo la Khirisimasi ya 2005. Mu gawo limenelo Doctor watsopano agona pabedi ali chikomokere pafupifupi nkhani yonse, Rose akukayika ngati ndi munthu yemwe ankamudziwa, mpaka pamene adzuka n'kuonetsa kuti ndi iyeyo. Gawo limeneli mulibe. Tinadina batani lopita kutsogolo n'kupezeka tili mu sizoni yachiwiri, awiriwa akuseka limodzi ngati palibe chachitika.

Ndinaganiza kuti mwina mwangophonya limodzi. Ndinamufotokozera mwana pakamwa tinapitiriza. Koma mu gawo lomwelo la Khirisimasi muli pamene dzanja la Doctor lidulidwa pomenyana ndi malupanga n'kumeranso lina. Dzanja lodukalo limadzaonekanso kutsogolo lili mu botolo, ndipo mapeto a sizoni yachinayi onse atsamira pa dzanja limeneli. Mwana anandifunsa kuti dzanja la mu botololi ndi la ndani. Donna, mnzake wina wa Doctor, nayenso chimodzimodzi. Catherine Tate, yemwe amasewera ngati Donna, anayamba kuoneka mokwanira mu gawo la Khirisimasi ya 2006, atavala diresi la ukwati, ndipo pamene akukumananso ndi Doctor kumayambiriro kwa sizoni ya 2008, chisangalalo chonse cha pamenepo n'chakuti awiriwa akudziwana kale. Kwa inu gawo la 2006 kulibe, ndiye mwana akungoona mayi wachilendo akukodola Doctor pawindo osadziwa kuti anadziwana liti.

Pomwe ndaleka kuonera n'kukhala pansi kulemba izi ndi pakati pa sizoni yachinayi ndi yachisanu. M'chaka cha 2009 kunalibe sizoni yathunthu. M'malo mwake kunali magawo apadera asanu: la Khirisimasi ya 2008, la nyengo ya Pasaka mu Epulo 2009, la Novembala 2009, kenaka awiri omaliza a pa 25 Disembala 2009 ndi pa 1 Januwale 2010. M'magawo awiri omalizawa ndi momwe Doctor wa Tennant akupereka moyo wake kuti apulumutse nkhalamba imodzi, agogo ake a Donna, omwe anaseweredwa ndi malemu Bernard Cribbins. Ngwazi yomwe inagonjetsa magulu ankhondo a m'mlengalenga ikufera gogo mmodzi wotsekeredwa m'kachipinda ka galasi, kenaka n'kuyenda kukatsanzikana ndi anzake mmodzimmodzi. Kwa ine palibe malo ena mu pulogalamu yonseyi ondigwira mtima kuposa amenewa. Asanu onsewa mulibe. Pa app yanu sizoni ya 2008 ikutha Tennant ali yekha mu TARDIS, wanyowa ndi mvula, ndipo gawo lotsatira ndi Matt Smith akulendewera pa khomo la TARDIS yomwe ikuyaka pamwamba pa London. Munthu amene akuonera koyamba angadziwe bwanji chomwe chachitika?

Ndinayang'ana kutsogolo kuti ndione ngati zikusintha, koma ayi. Gawo lokumbukira zaka 50, lomwe linaulutsidwa nthawi imodzi m'mayiko 94 pa 23 Novembala 2013, mulibe. La Khirisimasi ya 2013 momwe Smith akusiyira Peter Capaldi mulibe. La Khirisimasi ya 2017 momwe Capaldi akusiyira Jodie Whittaker nalonso mulibe.

Nditamuwerengera zonsezi mtsikana wa ku customer care, anandiyankha mwaulemu ndithu kuti zimenezo ndi ma extra, zoonjezera chabe, ndipo chomwe munalonjeza ndi masizoni. Iye sindikumuimba mlandu, akunena zomwe zalembedwa pa kompyuta yake. Koma amene analemba zimenezo sakuidziwa pulogalamu yomwe akugulitsa. Gawo la Khirisimasi ya 2007 lokha linaoneredwa ndi anthu oposa 13 miliyoni ku Britain, kuposa magawo wamba a chaka chimenecho. Chinthu chotere sichingakhale choonjezera. Ndipo chachikulu koposa n'chakuti kusintha nkhope kwa Doctor ndiye msana wa pulogalamuyi. Inayamba pa 23 Novembala 1963 ndi William Hartnell. Pofika 1966 thanzi lake linali litafooka, ndipo m'malo motseka pulogalamu, opanga anaganiza zoti Doctor, poti si munthu wa dziko lino, thupi lake likatopa lizisanduka lina. Patrick Troughton analowa choncho. Nzeru imeneyo ndi yomwe yachititsa kuti nkhani imodzi iyende zaka zoposa 60. Kuyambira 2005 kufika 2017, kusintha kutatu mwa kunayi kunachitika m'magawo a nyengo ya Khirisimasi. Inu mwachotsa malo omwewo. Zili ngati wosimba nthano kudumpha pomwe kalulu wagwa m'mbuna n'kuyambira pomwe ali kale kunyumba akudya, ana n'kumayang'anana.

Pali mbiri ina yomwe ikupangitsa kuti okonda pulogalamuyi tisamaseke tikaona magawo akusowa. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 a BBC ankafufuta matepi akale kuti ajambulirepo zina, poganiza kuti zoonetsedwa kale zilibenso ntchito. Mpaka lero magawo oposa 90 a nthawi ya Hartnell ndi Troughton sakupezeka, ndipo limodzi mwa iwo ndi lomwe lija Hartnell akusanduka Troughton. Kunangotsala kachidutswa kakafupi. Anthu akhala akusakasaka m'mayiko momwe mafilimu ankatumizidwa, ndipo mu 2013 kunalengezedwa kuti Philip Morris wapeza magawo 9 omwe ankasowa, ali m'chipinda chosungira katundu pa siteshoni ya TV ku Jos, ku Nigeria. Africa yomwe ino ndi imene inasunga zomwe eni ake anataya. Ndikaganiza kuti ena mwa magawo amene malume anga ankatisimbira akhoza kukhala m'gulu la osowawo, ndimamva chisoni. Koma awo anatayika kalekale, pa nthawi yomwe anthu sankadziwa phindu lake. A 2005, 2009 ndi 2013 sanatayike. Alipo, athunthu, ooneka bwino. Chomwe chikusowa ndi munthu wa ku kampani kwanu woti akhale pansi n'kuona ndandanda.

Mwina mukuganiza kuti ife okonda zakale timangofuna kuona chithunzi cha chinthu chomwe tinkachikonda, basi mtima n'kukhala m'malo. Si choncho. Pulogalamuyi inatsekedwa mu Disembala 1989, ndipo kupatula filimu imodzi ya Paul McGann mu 1996, inakhala zii zaka pafupifupi 16. Mlembi Russell T Davies ataiutsanso ku Cardiff, akanatha kuyamba nkhani yatsopano n'kuiwala zonse za m'mbuyo, monga amachitira ambiri. Sanatero. Eccleston anakhala Doctor wachisanu ndi chinayi, kupitiriza mzere womwe unayamba ndi Hartnell. Mu 2006 anabweretsanso Elisabeth Sladen ngati Sarah Jane Smith, mnzake wa Doctor wa m'zaka za m'ma 1970, ali mayi wamkulu tsopano, akufunsa chifukwa chomwe anamusiyira osabweranso. Gawo limenelo mwaliika, ndipo ndikuthokoza. Mwana wanga sankamudziwa Sarah Jane, koma anamvetsa, chifukwa nkhaniyo inalumikizidwa bwino. Chomwe chinabweza anthu akale n'kukopanso ana ndi ulusi wosaduka umenewu. Wogulitsa amene wadula ulusiwo n'kusiya chithunzi cha bokosi la buluu pakhomo wagwiritsa ntchito chikondi chathu kuti atenge ndalama, koma katunduyo sanapereke.

Ndipo ndisamveke ngati mmodzi wa aja amati chakale chokha ndiye chabwino. Whittaker, mayi woyamba kutsogolera pulogalamuyi ngati Doctor, ndikufunitsitsa kuti mwana wanga amuone. Ncuti Gatwa, yemwe anabadwira ku Rwanda n'kukulira ku Scotland, atatenga udindowu mu 2023 ndinasangalala kwambiri. Magawo ake ali pa mgwirizano wina, choncho sindikukufunsani za iwo. Ndikufunsa za magawo apadera omwe ndatchulawa basi.

Ngati magawo apaderawa muli nawo koma mwangowasunga pena, aikeni pamalo pake motsatira masiku omwe anaulutsidwa, kuti batani lopita ku gawo lotsatira lizitifikitsa pomwe nkhani ikupitirira. Kuwaunjika pa kangodya kawokawo sikungathandize munthu woonera koyamba, chifukwa sangadziwe kuti alumphire kumeneko liti. Ngati chilolezo chomwe munagula sichikuwakhudza, nenani zoona. Chotsani liwu lija lakuti "yense" pa chilengezo chanu, lembani pa tsamba la pulogalamuyi kuti magawo a Khirisimasi ndi ena apadera mulibe, munthu azilipira akudziwa chomwe akugula. Zikakhala choncho, ife amene tinalipira chifukwa cha chilengezo chija mutibwezere ndalama ya mwezi uno kapena mutionjezere masiku. A customer care anu muwapatsenso yankho lenileni, asamauze anthu kuti azimitse foni pa nkhani yomwe si ya foni.

Nambala za madandaulo anga onse zili ku inbox kwanu, pamodzi ndi ndandanda ya magawo osowa ndi masiku ake, yomwe ndalemba ndekha kuti musavutike kufufuza. Ndikupempha kuti mundiyankhe pompano pomwe ena akuona, chifukwa ndikudziwa kuti amene tagula chinthu chodukaduka chimenechi sindili ndekha. Malipiro anga akutha Lachisanu la sabata ya mawa. Ine ndi mwana wanga taima pa gawo lomaliza la 2008, ndipo ndamuuza kuti sitidina batani lopita kutsogolo mpaka titamva kuchokera kwa inu.