Kalata kwa mpingo: nkhani ya Ahindu ndi Darwin

Okondedwa mwa Ambuye, abambo, amayi ndi achinyamata,

Mtendere ukhale nanu nonse.

Ndikulemba chifukwa cha nkhani imene yautsa mapiri pachigwa pakati pa ana athu a Fomu 4, amene akuphunzira za evolution, kutanthauza kusintha kwa mitundu ya zamoyo pang'onopang'ono, mu Biology. M'mafoni mukuyenda uthenga woti mabuku a Ahindu anadziwa kalekale zimene wasayansi Charles Darwin anadzalemba za evolution mu 1859, ndiye ena akufunsa ngati Baibulo lathu linatsalira m'mbuyo. Ena mwayankha ponyoza Ahindu, ndipo zimenezo sizinandisangalatse. Anthu amenewa timakhala nawo, timagula m'masitolo mwawo ku Limbe, ena mwa inu mumagwira nawo ntchito.

Uthengawo wagona pa nkhani ya Vishnu, mulungu amene Ahindu amati amatsikira pa dziko m'maonekedwe khumi. Poyamba anabwera ngati nsomba, Matsya, kenako kamba, Kurma, kenako nguluwe, Varaha, ndiye Narasimha, amene ndi theka munthu theka mkango, kenako munthu wamfupi, Vamana, mpaka kufika pa Rama ndi Krishna. Mukaona mndandandawu mofulumira, ukuoneka ngati moyo ukuchoka m'madzi kukwera kumtunda mpaka kufika pa munthu. Keshub Chandra Sen, mtsogoleri wa chipembedzo wa ku Calcutta ku India, anaphunzitsa zotere cha m'ma 1880, Darwin atalemba kale buku lake.

Koma werengani nkhanizo bwinobwino. Nsombayo sinasanduke kamba. Inabwera kudzapulumutsa Manu, kholo la anthu m'nkhani zawo, ku chigumula, ndipo nguluweyo inanyamula dziko ndi mano ake kulitulutsa m'madzi. Ndi nkhani za mulungu wawo wobwera kudzalanditsa. Komanso buku la Bhagavata Purana lili ndi mndandanda wa maonekedwe 22, ndipo mmenemo nguluwe ikubwera nsomba isanabwere. Ndiye kufananako n'kochita kusankha.

Ahindu eni akenso sagwirizana chimodzi. Swami Vivekananda, amene analankhula ku Chicago mu 1893, anavomereza kuti zamoyo zimasintha, koma ankati chimene chikutuluka chinabisika kale mkati, ndipo kulimbirana moyo kumene Darwin ankanena sikungafotokoze za mzimu wa munthu. Prabhupada, amene anayambitsa gulu la Hare Krishna mu 1966, anakana Darwin kotheratu. Mu 2018 Satyapal Singh, nduna yaing'ono ya maphunziro ku India, ananena kuti palibe anaonapo nyani akusanduka munthu, ndipo asayansi a m'dziko lomwelo anamutsutsa poyera. Chimene ndingawayamikire n'chakuti kutalika kwa nthawi sikuwaopsa: tsiku limodzi la Brahma, mulungu wawo wolenga, amati ndi zaka mabiliyoni 4.32, pomwe asayansi amati dziko lakhala zaka pafupifupi mabiliyoni 4.5. Koma kuyandikana kwa manambala sikutanthauza kuti Ahindu akale anachita kuyeza zaka za miyala monga amachitira asayansi.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ifeyo. Ndamvapo alaliki athu akukoka mavesi a Genesis ndi Yobu kuti aoneke ngati ananeneratu zonse za sayansi. Ndi msampha womwewo umene wagwira olemba uthenga uja. Mukamangirira chikhulupiriro pa zimene asayansi apeza chaka chino, chidzagwedezeka tsiku limene adzakonze zopeza zawo, ndipo kukonza ndiyo ntchito yawo. Genesis akutiuza amene analenga, ndi kuti munthu ali m'chifanizo chake. Pamenepa ndi pamene timasiyana ndi Ahindu ambiri, amene amati mzimu umabadwa kambirimbiri m'matupi osiyanasiyana, pomwe Ahebri 9:27 akuti munthu amafa kamodzi. Kusiyana kumeneku tikunene mwaulemu, osati ndi chipongwe.

Ana anga a sukulu, musathawe mutu umenewu pa mayeso. Nsagwada ya mtundu wa anthu akale, ya zaka pafupifupi mamiliyoni 2.4, inapezeka ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991, ndipo mbuna za m'nyanja yathu akatswiri a dziko lonse amabwera kudzaziphunzira pofufuza za kusintha kwa zamoyo. Werengani, mvetsani, mafunso ovutawo mubwere nawo kuno. Makolo, mwana akafunsa musamuyese wopanduka.

Loweruka likubwerali, ikatha kwaya, tidzakhala pansi ndi achinyamata m'chipinda cha Sande sukulu. Ndapempha mmodzi wa akulu ampingo amene amaphunzitsa Biology kuti adzatithandize. Mubwere ndi makope anu ndi Mabaibulo.

Ine wanu mu utumiki,
M'busa wanu