Kwa Tadala, ku Hirosaki

Tadala mwana wanga,

Azakhali ako andionetsa pafoni zimene ukuika pa Facebook. Nsalu zabuluu zosokedwa ndi ulusi woyera, m'munsi mwake mitengo, kenako mawu akuti wofuna ayambe wapereka theka. Theka la ndalama za anthu, Tadala? Ku Japan unapitira sukulu, sunapitire shopu.

Kansalu ka sashiko, kasokedwe kapamanja ka ku Japan, unanditumizira kaja ndakayang'ana kumaso ndi kuseri komwe. Dzanja uli nalo, pamenepo sindingakunamize. Mafunde aja ukuti seigaiha ayenda mofanana, ndipo podumpha mzere wasiya ulusi wokhwefuka pang'ono kuseri kuti nsalu isakwinyike ikachapidwa. Zimenezo ngakhale atelala akuluakulu amaiwala. Kasokedwe kenako, ka asanoha, ukuti ndi tsamba la chamba, abusa sindinawauze. Ndinaseka ndekha nditakumbukira uli sitandade 4, ukulira pakhonde singano itakulasa, n'kulumbira kuti sudzasokanso. Lero ndiwe wokankha singano yaitali ndi kachitsulo kapatsinde pa chala chapakati, n'kumatunga nsalu kangapo usanakoke ulusi.

Koma wakhala pansi n'kuwerengera? Ulusi ukugula, nsalu ukugula, positi ukulipira. Nanga maola ako? Kusoka pamanja sikuthamanga. Kogin, mtundu wa sashiko wa kwanuko, ndiye woposa, poti ukuti umachita kuwerenga ulusi wa nsaluyo, umodzi, utatu, usanu, ukaphonya umodzi wokha n'kumasula mzere wonse. Mwini ndalama sadziwa zimenezo, amangofunsa kuti zanga zitha liti.

Unandiuza wekha pafoni kuti amayi a ku Tsugaru, dera ukukhalalo, ankasoka kogin chifukwa cha umphawi, kuti mu 1724 alimi analetsedwa kuvala nsalu za thonje, ndiye ankatseka mipata ya nsalu zawo zokhakhala zija ndi ulusi kuti mphepo isalowe. Eya. Ankasokera amuna awo ndi ana awo, m'nyengo yozizira, minda itakwiririka ndi chipale. Panalibe kasitomala pakhomo, panalibenso mayeso mawa lake. Iwe uli nazo zonse ziwiri.

Ukuwakumbukira amayi aja tinkasoka nawo pakhonde la sitolo? Analandira ndalama za mayunifolomu mu Disembala, zinathera pa Khirisimasi, pofika Januwale makina anali atagwidwa ndi wakatapila. Ndalama yolandiriratu si yako, ndi ngongole. Kuno ukalephera, abale amabwera kudzapepesa. Uko akakupepesere ndani? Ndiponso wophunzira wochokera kunja amaloledwa ganyu ya maola 28 okha pa sabata. Kafunse ku ofesi ya sukulu ngati malonda akowa akuloledwa, usamve za anzako.

Sindikuti usiye kusoka ayi. Ndingakuletse bwanji ine, amene ndinakulerani ndi singano? Soka Loweruka, soka patchuthi, ndipo gulitsa chimene chatha kale. Koma amene anapereka theka aja uwabwezere mwezi uno, onse, ngakhale akukwiyire. Ugule kope, uzilemba chilichonse cholowa ndi chotuluka. Ndipo ngati ukuchita zimenezi kuti uzititumizira, leka. Chimanga tili nacho, fetereza tagula kale.

Bambo ako sindinawauze, koma azakhali ako ukuwadziwa pakamwa pawo. Undiimbire Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, undiuze kuti uli ndi ndalama za anthu angati. Uzivala zofunda, ndipo usamasoke pa nyale yofooka.

Ndine mayi wako.